Mulu Wachikasu wa Selemani

Masiku aja ulendo uliwonse unali wa miyendo, m'tsinde mwa phiri la Dzalanyama munali mudzi wotchedwa Kamwala. Anthu ake ankalima mapira ndi maungu, koma chuma chawo chenicheni chinali njuchi. Ming'oma yawo inali lendelende m'mitengo ya m'nkhalango, ndipo uchi wa pa Kamwala unkadziwika mpaka kuseri kwa phiri.

Pamudzipo panali mwamuna wina dzina lake Tsilizani, munthu wachifundo koma wosachedwa kupsa mtima. Iyeyu ndiye anali mwini mbumba, kutanthauza kuti mavuto onse a alongo ake ndi ana awo ankathera pakhomo pake. Mlongo wake wamng'ono, Nankhoma, anakwatiwa ndi mlendo wotchedwa Selemani, wochokera kutali kugombe la nyanja yamchere. Selemaniyo anabwera ndi amalonda a nsalu, nadwala malungo panjira, anzakewo n'kumusiya. Nankhoma anamudwazika mpaka kuchira, ndipo atachira sanafunenso kubwerera kwawo. Anakhala chikamwini pa Kamwala, n'kubereka mwana wamkazi, Mwatitha.

Selemani sanali munthu woipa ayi. Khasu ankaligwira, mkazi wake ankamukonda, chiyankhulo cha kuno anachitola msanga. Nthenda yake inali imodzi yokha: pakamwa pake sipankatuluka funso. Ukati umuunikire kanthu, ankakudula pakamwa n'kunena kuti, "Ndikudziwa kale, alamu."

Chaka choyamba anafuna kumanga nyumba. Anasankha malo osalala, obiriwira bwino, m'mphepete mwa dambo. Umo munali m'chilimwe.

"Alamu," anatero Tsilizani, "malo amene mukuona obiriwira nthawi ino, m'dzinja..."

"Ndikudziwa kale, alamu. Kwathu timamanga pafupi ndi madzi."

Mvula itafika pachimake, achule ankalira pansi pa mphasa. Amene anasenza mitsuko ndi madengu kukwera nazo kumtunda, matope ali m'mawondo, anali Tsilizani.

Chaka chachiwiri kunagwa chizimalupsa, mvula yoyamba ija imene imangozimitsa lupsa n'kupita. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti imeneyo sadzalira. Selemani anathira mbewu yonse m'nthaka tsiku lomwelo. Dzuwa linabweranso, mbewu inapsa, ndipo amene anatapa mbewu yake kumugawira anali Tsilizani yemweyo.

Chaka chachitatu ndiye Selemani anachita zoti mudzi wonse ugwire pakamwa. Anamwalira mkazi wa a Mkanthama, mkulu wa ofula njuchi, amenenso anali woimba ng'oma wa pamudzipo. Pakagwa maliro makasu onse amagona mpaka mwambo utatha. Selemani anakhalako pasiwa tsiku loyamba, koma m'mawa mwake, anthu akunyamula chitanda kupita kumanda, anamuona ali m'munda mwake, khasu lili m'mwamba. Tsilizani anathamangira komweko manyazi atamugwira.

"Alamu, mwapenga kodi? Ikani khasulo pansi!"

"Kwathu maliro amaikidwa tsiku lomwelo, anthu n'kubwerera ku ntchito. Ine dzulo ndinalira kale."

"Kwanu, kwanu, kwanu! Kuno ndi kwanu?"

Kuyambira tsiku limenelo, a Mkanthama akakumana ndi Selemani panjira ankayang'ana kumbali. Tsilizani ankadandaula kwa aliyense wofuna kumva kuti makutu a mlamu wake ngongokongoletsa mutu. Amayi a kumtondo nawo anamupatsa dzina, ankangomutchula kuti Safunsa.

Chaka chachinayi kunabwera dzombe. Linadya mapira, linadya maungu, linadya ndi masamba a nthochi omwe. Nkhokwe zinangoti mbee. Chiyembekezo cha anthu chinatsalira pa uchi basi, chifukwa kuseri kwa phiri dzombe silinafike, ndipo anthu akumeneko ankapereka mapira posinthana ndi uchi wofululira mowa.

Tsiku lina Nankhoma anafika kwa mlongo wake Tsilizani, Mwatitha ali kumbuyo. Mwanayo anali wa zaka zitatu, koma miyendo yake inali itayamba kuonda.

"Achimwene," anatero Nankhoma, "ine ndatopa. Munthu uja ndimamukonda, koma chikondi sichilowa m'mimba mwa mwana. Mumutenge mukafule naye njuchi. Akabwerako wopanda uchi wokagulira mapira, mumuuze anyamule mphasa yake azipita kwawo. Mwana atsala ndi ine."

Mawu amenewa anamulasa Tsilizani, chifukwa ntchito yothamangitsa mkamwini inali yake monga mwini mbumba. Ndipo ngakhale Selemani ankamutopetsa chotani, sankafuna kumuona akutuluka m'mudzi yekhayekha, mwana wake akulira kumbuyo. Choncho anakapempha a Mkanthama kuti mlendoyo alowe m'gulu la ofula. Mkuluyo anavomera ndi mutu wokha.

Tsiku lofula, Selemani anatulukira atadzola mafuta onunkhira amene ankasunga m'kabotolo kochokera kwawo.

"Alamu, kasambeni msanga. Njuchi zimadana ndi..."

"Ndikudziwa kale, alamu. Njuchi n'tizilombo tating'ono."

Tizilombo tating'onoto tinasiya amuna asanu ndi awiri onse n'kukhamukira kwa iye yekha. Anagwira ntchito molimba mtima ndithu, zisa anasenza mpaka kumudzi, koma pofika n'kuti nkhope itatupa, maso atatsekeka. Anagona masiku awiri. Masiku awiri amenewo ndi amene amayi ankafinya zisa, uchi n'kuuthira m'zipanda. Zotsalira ankaziwiritsa, n'kuzisefa, n'kuziumitsa m'mbale zadothi. Zikauma zinkatuluka zibuluma zachikasu, zosalala, zokongola m'maso. Limenelo ndiye phula. Selemani sanaone chilichonse cha zimenezi. Kwawo uchi ankangouona m'mitsuko ya amalonda, mng'oma anali asanautsegulepo chibadwire.

Tsono ofula njuchi a pa Kamwala anali ndi mwambo wawo wogawana. Ankayala mphasa pabwalo n'kuika miyulu yolingana ndi chiwerengero cha anthu amene anafula. Miyulu yonse inali ya zipanda za uchi, kupatula umodzi umene unali wa phula. Umenewo nthawi zonse unkatsalira a Mkanthama, amene ankasankha pomalizira, chifukwa iwo anali ndi ming'oma yawoyawo kuseri kwa nyumba, ndipo phulalo ankamatira ng'oma zawo zoimba. Woyamba kusankha ankakhala amene wafula koyamba. Malamulo anali awiri: munthu akamasankha, wina aliyense asatsegule pakamwa pokhapokha wosankhayo atafunsa yekha, ndipo chimene wachinyamula pamphasa sichibwereranso pamphasa.

M'mawa wa tsiku logawana, Tsilizani anamupeza mlamu wake akusukusula, maso atayamba kutseguka.

"Alamu, mverani kamodzi kokha pa moyo wanu. Lero muyamba ndinu kusankha. Pamphasa paja mukaona..."

"Alamu, uchi ndaudya wambiri kuposa inu. Ndikudziwa kale."

"Tangondilolani ndimalize!"

Koma Selemani anali atalowa kale m'nyumba kukavala mkanjo wake woyera.

Mudzi wonse unasonkhana pabwalo. A Mkanthama anakweza dzanja, anthu onse anangoti zii. Selemani anayenda pang'onopang'ono kuzungulira mphasa. Anasuzumira m'zipanda, naona uchi wakuda, wamadzimadzi. Kenako maso ake anagwera pa mulu wachikasu uja, ndipo nkhope yake inawala. Kwawo, paja, anthu amawiritsa madzi a nzimbe mpaka kuuma n'kukhala zibuluma zotsekemera. Zoumazo ndiye zamtengo wapatali, zamadzimadzi amapatsa antchito. Mumtima mwake anati anthu a kuno aumitsa uchi wabwino koposa, ndipo akuyesa kuti mlendo sauzindikira.

Tsilizani anaona kumene mapazi a mlamu wake ankaloza, thukuta linamutuluka. Anatsokomola. Anatsokomolanso mpaka misozi. Anakanda pansi ndi chala chakumwendo, anatong'ola maso, anapukusa mutu ngati mbuzi yolumidwa ndi ntchentche. Mumtima ankangofuula kuti, "Funsa, munthu iwe! Mawu awiri okha: ichi n'chiyani? Funsa!"

Selemani anamuyang'ana n'kumwetulira. "Chifuwa chimenecho mumwere mankhwala, alamu," anatero. Anawerama, nanyamula mulu wonse wa phula.

Amayi anagwira m'mutu. Nankhoma anangotembenuka n'kuyang'ana kuphiri. Amuna enawo anasankha miyulu yawo mwakachetechete, ndipo mulu wotsiriza wa uchi, umene ukanakhala wa Selemani, unagwera a Mkanthama.

Selemani, pofuna kuonetsa kuti wasankha mwanzeru, anabenthula chibuluma chimodzi pomwepo n'kuponya m'kamwa. Anatafuna. Kafungo ka uchi kanamveka pang'ono, kenako kanatha. Anatafunabe. Chinthucho sichinkasungunuka, sichinkamezeka, chinkangomatirira m'mano. Anthu onse akumuyang'ana, iye anachita manyazi kulavula, nameza mokakamiza, maso ali psuu.

Apo Mwatitha anatsika kumbuyo kwa amake, nayenda dzandidzandi mpaka pa mwendo wa atate ake. Anatambasula kadzanja.

"Ababa, inenso ndilaweko. Njala."

Selemani anayang'ana mwanayo, nayang'ana mtolo wachikasu umene unali m'manja mwake. Munalibe kanthu koti n'kumupatsa. Palibe anaseka pabwalopo, ngakhale ana.

Tsilizani anapita kunyumba kwake atakwiya kwambiri moti anakankha nkhuku imene inamudutsa kutsogolo. Anakhala pakhonde n'kumakonza mawu othamangitsira mlamu wake, koma mawu aliwonse amene ankapeza ankamuwawa yekha. Dzuwa lisanapendeke anamva kuodira. Anali Selemani, mkanjo uja utada ndi fumbi. Sanakhale pampando, anakhala pansi.

"Alamu," anatero ndi mawu otsika, "chimene ndadya chija n'chiyani?"

Tsilizani anadzuka, nayenda mpaka pankhokwe, nabwerera.

"Zaka zinayi! Zaka zinayi ndakhala ndikudikira funso m'kamwa mwanumo, ndipo mwalibweretsa lero phula lili kale m'mimba! Ndi phula limenelo, alamu, phula lomatira ng'oma! Kuseri kwa phiri sangakupatseni ngakhale chikho chimodzi cha mapira."

"Nanga ndichite chiyani kuti mwana wanga asandichoke?"

Mkwiyo wa Tsilizani unaphwa. Anakhala pansi pafupi naye.

"Tsono mumve mpaka ndimalize, mukandidula ndikusiyani. Uchi wanu uli ndi a Mkanthama. Pamphasa sungabwerere, koma mwiniwake atha kupatsa amene wamufuna. Gwirani tambala wanga uyo. Mukafika musakaime, mukakhale pansi chapatali. Za uchi musakatchule n'komwe. Mukapepese za khasu lija munanyamula tsiku la maliro a akazi awo. Akakakhala chete, inunso mukakhale chete, ngakhale dzuwa lilowe."

Selemani anamvera mpaka kumapeto, nafunsanso kuti tambalayo akamupereke ndi dzanja liti. "Onse awiri!" anakuwa Tsilizani.

Selemani anapita ndi tambala uja, nakhala pansi chapatali, napepesa za khasu lija. A Mkanthama anamusiya mlendoyo ali pansi nthawi yaitali, iwo akusema mpini. Kenako anaika kasemasema pambali.

"Chaka chathunthu ndakhala ndikudikira mawu amenewa," anatero. "Ndinkayesa kuti unandinyoza dala."

"Sindinadziwe, bambo."

"Ukanafunsa. Pamudzi pano pali pakamwa pambiri, palibe amene akanakulipiritsa."

Analandira tambala uja. Anatenganso phula lawo, kupatula limene linali m'mimba mwa Selemani, namupatsa theka la uchi. Theka linalo anati likhale lawo, kuti mlendo akumbukire. Mapira amene Selemani anakasinthanitsa kuseri kwa phiri anali ochepa, moti iye ankadya kamodzi patsiku mpaka masika kuti Mwatitha adye kawiri. Koma mphasa yake sinatuluke m'nyumba ya Nankhoma.

Kuyambira pamenepo munthu uja anasanduka wofunsa kuposa mwana. Pa ulendo wa kuseri kwa phiri, ali ndi Tsilizani, anafunsa dzina la mtengo uliwonse, bowa uti amadya, chitsime chiti samwa, moni wa apongozi amapereka bwanji. Pofika pamwamba pa phiri Tsilizani anatula katundu pansi n'kunena kuti, "Alamu, ndapota nanu, ndipumitseniko! Mwalawo ulibe dzina, ndi mwala basi!" Komabe dzina lija la kumtondo silinamuchoke. Anakalamba pa Kamwala, ali ndi ming'oma yake makumi awiri, anthu akumutchulabe Safunsa. Ndipo mlendo aliyense akafika pamudzipo n'kuyamba kunena za kwawo, Selemani mwiniwakeyo ankamukhazika pansi n'kumuonetsa mano ake, akumusimbira za phula limene linamatirira m'menemo.

Apa ndi pamene panachokera mwambi uja wakuti, "Safunsa anadya phula." Tanthauzo lake ndi lakuti munthu amene amadziyesa wodziwa zonse, makamaka akakhala kwa eni, amataya chabwino n'kutola chopanda pake, pamene womuuza ali pambali pake pomwepo. Nzeru za kwanu n'zabwino kwanu. Dziko lililonse lili ndi mvula yake, miyambo yake ndi zinthu zake zokongola m'maso koma zosadyeka. Inu ana, tsiku lina mudzakhala alendo, kaya kusukulu yakutali, kaya kuntchito, kaya kudziko la eni. Mukadzaona chinthu chachilendo, musadzachite manyazi kunena kuti, "Ichi n'chiyani?" Manyazi a kufunsa amatha tsiku lomwelo, koma Selemani anatafuna kamodzi kokha, ndipo mpaka lero tikumutchulabe.