Gologolo ndi Mitsuko ya Mbewu

Kalekale, nyama zikadalima minda, kunali Gologolo, kanyama kochenjera koma kosagwira pakamwa. Chaka chilichonse ankasunga mtedza wa mbewu, ndipo chaka chilichonse ankaudya mvula isanagwe. Mkazi wake anafika potopa nazo.

"Bambo, munda anakupatsani amayi uja ukungokhala," anatero mkaziyo. "Mukapanda kudzala chaka chino, ukwati watha. Pamudzi pano sitisunga mkamwini wodya mbewu."

Gologolo analumbira mpaka kuloza kumwamba. Anagwira ganyu, napeza mtedza wodzaza kamtsuko. Pakamwa pa mtsukowo anamatapo dothi monga ankachitira onse, poti mtsuko wa mbewu sautsekula mvula isanagwe. Ukafuna kudziwa ngati zili bwino, umangougwedeza n'kumvetsera. Koma dothi lisanaume n'komwe, mwini wake malovu anali atayamba kale kuchucha.

"Mtima wangawu ndimaudziwa," anadziuza. "Mankhwala ake ndi amodzi: ndizidya mbewu za ena kuti zanga zipume."

Nzeru zonyansa bwanji! Mmawa mwake anatseka mphuno zake ndi phula, nakakhala pamphambano, mbale ya mtedza wokazinga ili patsogolo pake. Posakhalitsa kunatulukira Nguluwe ndi Nyani, akuluakulu amene nawonso ankavutika ndi matenda omwewo odya mbewu.

"Iwe Gologolo, ukudwala kodi?" anafunsa Nguluwe. "Mtedza kununkhira chonchi, iwe uli phee?"

"Ine mtima ndinaugonjetsa, malume. Chakudya sichindilamulanso."

"Nanga mawu akowo akumveka ngati a chimfine bwanji?" anafunsa Nyani.

"Ndi mmene amalankhulira odziletsa, achimwene. Inu simungadziwe."

Awiriwo anachita manyazi. Tsiku lomwelo anasenza mitsuko yawo ya mbewu, yomatamata bwino, nakamupempha kuti awasungire mpaka mvula itagwa.

Gologolo anayamba ndi mtsuko wa Nguluwe. Anaboola kabowo kunsi. "Kamodzi kokha," anatero. Kamodziko kanaitana kanzake, kanzakeko kanaitana abale ake, ndipo mwezi usanathe mtsuko unali mbee. Apo Gologolo anathamangira kukhola la mbuzi, natola manyi ouma aja obulungira ngati mtedza, nawalowetsa pakabowo paja n'kumatapo.

Nguluwe atabwera kudzazonda mbewu yake, ananyamula mtsuko n'kuugwedeza. Khochokhocho!

"Ulipo wonse! Mwana iwe ndiwe mwamuna."

"Kudziletsa, malume. Si zophweka."

Kenako unafika wa Nyani, ndipo unayenda njira yomweyo. Koma Nyani anali ndi mphuno yakuthwa. Atagwedeza mtsuko wake, ananunkhiza, nakwinya nkhope.

"Muno mukumveka kafungo ka kukhola."

"Ndinamatira ndowe kunja kwake, achimwene, kuti anankafumbwe asalowe. Kapena mukufuna mudzadzale ufa?"

Nyani anathokoza, nachoka akudzitukwana chifukwa chokayikira munthu wabwino.

Mbewu za eni zinatha, koma mvula osabwera. Dzuwa linkaswa mtengo, kumwamba kuli mbee. Gologolo anakhala pansi moyang'anizana ndi kamtsuko kake. Anatembenuka n'kukalozetsa msana. Anatuluka panja, nazungulira nyumba, nalowanso. Anadziluma mchira. Pomaliza anati, "Ndingolawa kamodzi, ndione ngati sunafumbwe."

Zimene anachita pambuyo pake ndi zimene zimandinyansa koposa. Atamaliza mtedza wake womwe, anapitanso kukhola, nadzaza mtsuko wake ndi zomwezija. Mmawa uliwonse ankaugwedeza pamaso pa mkazi wake. Zimenezo tingati n'kuopa ukwati. Koma ngakhale akakhala yekhayekha ankaugwedezabe, n'kumamwetulira, mtima uli m'malo, ngati sakudziwa zimene zili m'katimo.

Tsiku lina mitambo inachita bii, mvula inakhuthuka, dothi linanunkhira. Itangokata, Nguluwe ndi Nyani anafika makasu ali paphewa. Anaswa zomata zija n'kukhuthulira mbewu m'lichero. Fungo linabuka moti ntchentche zinafika zisanaitanidwe.

"Ichi n'chiyani?" anabangula Nguluwe.

"Musapse mtima, malume. Ndi mtedza wanu womwe uja. Ndinaukuta ndi dothi ndi phulusa kuti nkhanga zisadzafukule m'munda."

Nyani anamuyang'ana, nati: "Chabwino. Mwambo ukuudziwa: wosunga mbewu amayamba waluma imodzi kuti eni amve ngati ili youma. Luma."

Pakhomo panali patatsekeka ndi thupi la Nguluwe. Gologolo anatola kamodzi, nakaponya m'kamwa. Chinyontho cha mvula chinali chitakafewetsa kale. Kanaphwanyika pa lilime kuti phwa, kowawa, konunkha mkodzo wa tonde. Misozi inalengeza, koma anatafuna, nameza, namwetulira.

"Wauma bwino kwambiri."

"Ine sindinamve kulira kuti go," anatero Nguluwe. "Luma ina."

Analuma.

"Imeneyo ndi ya malume ako," anatero Nyani. "Yanga sunailawe. Tapa dzanja lonse."

Tsiku limenelo Gologolo anaonetsa kulimba mtima kumene kukanakwanira kusunga mitsuko yonse itatu chilimwe chonse. Anatafuna masaya ali tututu, nameza, nanyambita milomo. Koma mimba ilibe ulemu. Inatembenuka kamodzi, zonse zija n'kubwerera, n'kuthera pa mapazi a Nguluwe. Nguluwe anadumphira kumbuyo akufuula, mpata unapezeka, Gologolo uyo psiti! Anadutsa pakati pa miyendo, nakwera mkuyu wa pabwalo mpaka kunsonga, kunthambi zowonda kumene Nyani sakanafika.

"Mukadzale msanga, akuluakulu!" anakuwa akuseka, mano ali obiriwira. "Mbewu imeneyo ndi yodza ndi manyowa ake!"

Akuseka choncho, mkazi wake anatuluka m'nyumba atanyamula kamtsuko kaja. Anakaswa pamwala. Anayang'ana zimene zinamwazika pansi, nagwira mphuno, kenako anakweza maso kumtengo.

"Musavutike n'kutsika, bambo. Kumeneko ndiye kwanu tsopano."

Kuseka kunathera pomwepo. Mpaka lero Gologolo amakhala m'mitengo, alibe munda, alibe khomo. Mukamuona ali panthambi akupukuta pakamwa ndi manja onse awiri, musaganize kuti wakhuta. Kakomedwe kaja sikanachokebe.