Magiya a Kutsogolo

Panali munthu wina, wogulitsa mbatatesi mumzinda, amene ankasunga bambo ake okalamba. Mkuluyo miyendo inali itafooka. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana chakumadzulo, kumene kunali phiri limene anabadwirako. Phirilo silioneka n'komwe ukakhala mumzinda, koma iwo ankaliona. Ankasimba za nkhungu yolowa m'nyumba m'mawa osaodira, za masuku ogwa okha, ndi za kasupe wa kuseri kwa tchalitchi, wa madzi opweteketsa mano ndi kuzizira.

Tsiku lina anati, "Mwananga, ndisanatsinzine ndikamweko madzi aja kamodzi."

Mwanayo analonjeza, ndipo analonjeza ndi mtima wonse. Ndisamunamizire, bambo ake ankawakonda.

Koma msewu wa kuphiriko si wamasewera. Minibasi imathera pamsika wa m'munsi. Ukadutsa pamenepo pali dambo lamatope, kenako thanthwe lalitali lotsetsereka, ndipo mudzi uli pamwamba pake. Choncho munthu uja anagula galimoto yakale yokoka ndi mawilo onse anayi, ya mtundu umene umayenda m'minda ikuluikulu. Anaiveka matayala aakulu kuti mimba yake isamagunde miyala. Galimoto inatalika n'kukongola, koma mphamvu inatha. Pakachitunda kakang'ono inkapuma wefuwefu ngati nkhalamba.

Anapita nayo kwa makaniko, bambo wosalankhulalankhula, amene anali atakalambira pansi pa magalimoto. Makanikoyo anaizungulira kamodzi.

"Mwaiveka nsapato zazikulu, koma miyendo ndi yakale yomweyo," anatero. Anagwada n'kuloza chimphika chachitsulo cha pakati pa mawilo akumbuyo. "Iyi ndi difu. M'kati muli magiya opereka mphamvu ku mawilo. Tiikemo ena ogwirizana ndi matayalawa. Kutsogolonso kuli ina. Tikasintha, tisinthe zonse, kuti mawilo azizungulira mofanana."

Atatchula mtengo wake, munthu uja anakhala pansi pa tayala. Kumbuyo kokha kunali ngati kugula ng'ombe, kutsogolo ng'ombe inanso.

Apa mvetsetsani bwino. Ndalama anali nazo, zokwanira mbali zonse ziwiri. Mbatatesi zinali zitayenda chaka chimenecho. Koma pobwerera kunyumba wapansi, loto linamugwira masana dzuwa likuswa mtengo. Anaona galimoto yake ikutuluka m'nkhungu pang'onopang'ono, yobiriwira, yonyezimira, nyali zinayi padenga. Anaona amayi akusiya mitondo, azibambo akuvula zipewa, anzake amene ankaweta nawo mbuzi atagwira pakamwa. Lotolo linali lokoma zedi. Bambo ake analimo, inde, koma anali kamthunzi chabe kuseri kwa galasi.

Ndiye anayamba kudziwerengera nzeru. Mumzinda muno amene amakankha galimoto ndi mawilo akumbuyo. Akutsogolo amangogubuduka, sagwira ntchito mpaka utakoka kandodo kowalumikizira. Ndilipire ng'ombe yathunthu chifukwa cha magiya ogona tulo?

Anabwerera kugalaja. "Sinthani akumbuyo okha."

Makaniko anamuyang'ana nthawi yaitali. "Galimoto ndi yanu. Koma kandodo kaja musadzakakhudze."

"Mwina sitidzakafuna n'komwe," anayankha choseka.

Ndalama yotsalayo inapita ku penti, ku nyali za padenga ndi ku nsalu zofewa za pamipando. Ndipo pamsewu wa tala galimoto inkayenda bwino kwambiri. Inkakwera zitunda ikuimba. Aliyense woiona ankati munthu uyu ndi wochenjera. Chikomekome cha mkuyu, abale anga, m'kati muli nyerere.

Tsiku la ulendo linafika. Anawanyamula bambo ake n'kuwakhazika kutsogolo, atavala jekete yawo ya kutchalitchi, kapu yamalata ili m'manja yokamwera madzi aja. Anayenda m'mawa wonse. Mkuluyo sanagone. Ankatchula mitsinje mayina ake isanafike, ndipo phiri litayamba kuonekera patali, labuluu, anangoliyang'anitsitsa.

Anadutsa msika. Pa dambo, mawilo akumbuyo anazungulira pamodzimodzi, matope akuuluka, galimoto osasuntha. Munthu uja anayang'ana kandodo. Anayang'ana bambo ake. Anakakoka.

M'matope zinaoneka ngati zatheka. Galimoto inatuluka chopepesuka, chifukwa poterera mawilo amakhululukirana: lina likafulumira limangotsetsereka. Koma pathanthwe palibe kutsetsereka. Tayala lililonse linagwira mwala zolimba. Akutsogolo ankathamanga, akumbuyo ankatsalira, ndipo chitsulo cha pakati chinayamba kubuula ngati ng'ombe ziwiri zomangidwa goli limodzi, ina ikukoka ina ikukana. Anapondabe mafuta. Kunamveka kuti khoo, kenako phokoso la zitsulo zosweka, ndipo mafuta akuda anayenderera pamwala.

Kunakhala zii. Nkhungu inkatsika m'phiri, n'kutseguka, n'kutsekanso. Potsegukapo pankaoneka denga la tchalitchi, laling'ono, pamwamba penipeni. Kwa munthu wa miyendo unali ulendo wa ola limodzi lokwera. Mwanayo anafuna kuwabereka, koma atangowadzutsa pampando chifuwa chinawabanika, ndipo mkuluyo anapukusa mutu.

"Ndikhazike, mwananga. Tsitsa galasili."

Anatsitsa. Mphepo yozizira inalowa, yonunkhira masuku ndi utsi wa kumudzi. Mkuluyo anatseka maso n'kuikoka nthawi yaitali, kapu ili pamiyendo.

"Ndi yomwe ija," anatero. Sanamudzudzule ngakhale ndi liwu limodzi, ndipo n'chimene chinamupweteka mwanayo koposa. Analira ataika chipumi pachiwongolero.

Ng'ombe za anthu a pamsika ndi zimene zinaikoka galimotoyo kuitsitsa. Tsopano panafunika magiya akutsogolo aja, kuwonjezapo zonse zimene zinasweka, ndipo mtengo unaposa woyamba kutalitali. Munthu uja sanatsutse. Anachotsa nyali za padenga n'kuzigulitsa. Zitsulo anachita kuitanitsa kunja, ndipo zinatenga miyezi itatu.

Zitafika, makaniko anasintha zonse monga ananenera poyamba. Galimoto inadutsa dambo, inakwera thanthwe lonse osabuula, inatuluka m'nkhungu pang'onopang'ono. Amayi anasiya mitondo, azibambo anavula zipewa, monga m'loto muja. Koma bambo ake sanali pampando wakutsogolo. Anali kumbuyo, m'bokosi.

Atawaika m'manda, mwanayo anapita yekha kuseri kwa tchalitchi ndi kapu yamalata. Anatunga. Madzi anali ozizira monga iwo ankanenera, ndipo analephera kuwameza.

Tsono inu amene mwakhala pano, aliyense ali ndi magiya ake akutsogolo: mbale amene simunayanjane naye, mawu amene munalonjeza, mbali ya moyo wanu imene mukuti ikonzedwa mawa chifukwa lero sikugwira ntchito. Pamsewu wa tala palibe amene angadziwe, ndipo anthu adzakutamani. Koma galimoto ija sanaigulire tala. Anaigulira thanthwe, ndipo thanthwe lili kutsogolo kwa aliyense. Lipirani mtengo wonse, munthu amene mwamulonjezayo akadali pakhonde.