Kalipentala Amene Anavomera Mlandu

Panali mayi wina, loya, amene ntchito yake inali yoimira anthu osauka kukhoti kwaulere. Sanali woipa mtima ayi. Ntchitoyi anaiyamba ndi changu, koma milandu inamuchulukira mpaka anasiya kukumbukira nkhope za anthu ake. Ndipo milanduyo inkangoimitsidwa. Lero woweruza wapita kumsonkhano, mawa galimoto ya kundende ilibe mafuta.

Mwa anthu amene ankawaimira munali kalipentala wina amene ankaimbidwa mlandu wopha mlamu wake. Awiriwa anakangana pamowa anthu akuona, ndipo kutacha mlamuyo anapezeka atafa kudimba. Panalibe amene anaona womupha. Kalipentalayo anakhala pa rimandi zaka zambiri mlandu wake osazengedwa. Mkazi wake, yemwe anali mlongo wa malemuyo, ndiye yekha amene anakana zoti mwamuna wake angaphe munthu. Abale ake anamusala chifukwa cha zimenezi, koma iye sanaleke kupita kundende ndi kachakudya.

Tsiku lina woimira boma pamilandu anauza loya uja kuti kalipentalayo akavomera kuti anapha mosafuna, zaka zimene wakhala kale m'ndende zikwana kukhala chilango chake. Mayiyo anathamangira kundende, mumtima akuti wanyamula uthenga wabwino. Anapeza munthu wake atawonda, akutsokomola, miyendo ili mphere zokhazokha.

"Bambo, mukangonena kuti ndikuvomera, sabata yomwe ino mukagona kwanu," anatero loyayo.

"Koma mayi, ine sindinaphe munthu."

"Ndamva. Koma tsiku la mlandu wanu palibe akulidziwa, ndipo chifuwa ichi chikupherani muno. Ndi mawu chabe, bambo."

Kalipentalayo anati, "Odziwa malamulo ndinu. Ndichita zimene mwanena."

Loyayo sanamufunse za kwawo. Sanamuuzenso kuti kukhoti akawerenga poyera mmene munthuyo anaphedwera, ndipo iye akayenera kuvomera zonsezo. Panali akaidi ena amene ankamudikira pamzere.

Tsiku la khoti mkazi uja anabwera atavala chitenje chake chabwino, poti anamva kuti mwamuna wake akutuluka. Anakhala pabenchi yakumbuyo. Woimira boma anawerenga kuti woimbidwa mlandu anatsatira mlamu wake kudimba n'kumumenya ndi mpini m'mutu.

"Kodi zimenezi n'zoona?" anafunsa woweruza.

Kalipentalayo anayang'ana loya wake. Loyayo anagwedeza mutu kuti avomere.

"N'zoona," anayankha kalipentalayo.

Mkazi uja anadzuka n'kutuluka, osalira. Loyayo sanamuone. Anatseka fayilo mtima uli m'malo, poti munthu mmodzi anali atapulumuka m'ndende.

Itapita miyezi ingapo, anapeza kalipentala uja atakhala pansi pakhomo la ofesi yake. Chifuwa chinali chitatha, koma nkhope inali yakugwa kuposa ali kundende.

"Mayi, ndabwera kuti mundibwezere kundende, mlandu wanga uzengedwe bwinobwino."

Loyayo anayesa kuti sanamve bwino. Kalipentalayo anafotokoza. Mkazi wake anatenga ana n'kubwerera kwa abale ake, ndipo kumeneko anagwada kupepesa kuti zaka zonsezi ankadyetsa wopha mlongo wake. Kalipentalayo kutchalitchi anamudula. Panalibe wobwera kudzakhometsa ngakhale mpando.

"Ndinamutsatira mkazi wanga, ndinamuuza kuti kukhoti kuja ndinanama kuti ndituluke. Iye anati, 'Ndinakumvani ndi makutu angawa. Ngati munanamiza woweruza, ine ndidziwa bwanji kuti pano simukunama?' Ndili m'ndende muja, mayi, panali munthu mmodzi amene ankadziwa kuti sindinaphe. Pano palibe."

Loyayo anasowa poyang'ana. Malamulo ankawadziwa, ndipo anadziwa kuti mlandu wotere suvuta kutseka koma kutsegula.

"Bambo, mlandu unatha. Munavomera ndi pakamwa panu, loya wanu ali pomwepo."

"Loya wangayo ndinu, mayi."

Kalipentalayo anadikira pang'ono, kenako anadzuka, anasansa fumbi pabuluku lake n'kumapita. Patapita masiku, mtima utakana kukhazikika, loyayo anapita yekha kumudzi kwa munthuyo kuti ayese zimene angathe. Anapeza nyumba ili pululu, udzu utamera pakhomo. Anansi anati chichokere sanabwerenso, ndipo panalibe amene anapita kukamufunafuna.

Inu amene mukulowa ntchito ya uloya, milandu idzakuchulukirani monga inachitira kwa mayi uyu. Njira yachidule idzaoneka ngati chifundo, ndipo nthawi zina idzakhaladi chifundo. Koma musanauze munthu kuti avomere, khalani naye pansi. Mufunseni amene akumudikira kunja. Muuzeni zonse zimene zikanenedwe m'dzina lake, kenako asankhe yekha akudziwa. Musadzanene kuti ndi mawu chabe. Inu mawa lake mudzatsegula fayilo ina, koma iye adzayenda ndi mawuwo mpaka kumanda.