Mabatani Awiri ndi Mzere Wofiira

Panali munthu wina amene zala zake zinkathamanga kuposa mutu wake. Ankagwira ntchito m'chipinda cha kompyuta ku bungwe lina la alimi a mtedza, ndipo anzake ankamutcha Mphenzi. Mawusi yolozera zinthu pa sikirini sankaigwira, ankati ndi ndodo ya nkhalamba. Kutsegula windo, kulitseka, kudumphira pa lina, zonsezi ankachita ndi mabatani basi, maso ali kwina, pakamwa pali macheza. Anthu ankaima kumbuyo kwake kudzaonerera, ndipo iye zimenezo ankazikonda kuposa chakudya.

M'chipindamo munalinso Mayi Nachisale. Iwowa ndi amene anamuphunzitsa ntchito atangofika, asakudziwa n'komwe poyatsira. Awiriwa ankasamala nkhokwe ya maina: alimi onse olembetsa mbewu, midzi yawo ndi minda yawo. Nkhokwe yotere salankhula nayo pakamwa. Umalemba lamulo pa windo, n'kudina batani, iyo n'kuchita zimene walembazo. Sifunsa ngati mutu wako ukuyenda bwino tsiku limenelo.

Nkhokwezo zinali ziwiri. Ina inali yoyeserera, ya maina abodza, yoti ngakhale uiwononge palibe angalire. Ina inali yeniyeni. Pa sikirini mawindo a nkhokwe ziwirizi ankafanana ngati mapasa, choncho Mayi Nachisale anaika mzere wofiira pamwamba pa windo la yeniyeniyo, ndipo ankawayala awiriwo moyandikana kuti diso liziwaona onse.

Mabatani ofunika analinso awiri. Lina linkangoyang'ana lamulo n'kunena ngati muli cholakwika, osakhudza dzina ngakhale limodzi. Limenelo linali pafupi ndi chala. Lina ndiye linkalichita lamulolo, ndipo linali pakona, poti dzanja lichite kunyamuka. Mayiwo anali ndi chizolowezi chawo. Akalemba mzere umodzi ankadina loyang'ana lija, monga amalawira mchere munthu ndiwo zisanapse. Anachita zimenezi zaka zambiri, mpaka chala chinasiya kufunsa mutu.

Kompyuta yololedwa kulowa m'nkhokwe yeniyeni inali imodzi yokha, ndipo ankasinthana. Mphenzi m'mawa, Mayi Nachisale masana.

Dongosolo la mayiwo linkamutopetsa Mphenzi. Ankati mawindo oyandikana akuchepetsa malo, mzere wofiira ndi wa ana a sukulu, batani lochita lili kutali popanda chifukwa. Atapempha kuti asinthe, mayiwo anakana.

"Achimwene, kompyuta ya anthu awiri sasintha mmodzi. Isiyeni mmene ilili."

Iye anavomera ndi pakamwa. Koma m'mawa uliwonse, akangokhala yekha, ankachotsa mzere wofiira, n'kukuza mawindo kuti lina likhale pamwamba pa linzake, n'kusinthanitsa mabatani awiri aja kuti lochita libwere pansi pa chala chake. Nthawi ya nkhomaliro ikayandikira ankabweza zonse m'malo mwake. Anachita zimenezi miyezi yambiri osagwidwa, ndipo ankadziona wochenjera kwambiri.

Kenako linafika tsiku lina. Inali nyengo yolembetsa mbewu, mitambo itayamba kale kusonkhana. Nkhomaliro itayandikira, anzake anamuitana pakhomo kuti kanyenya akutha, iye anadzambatuka akuseka, n'kupita. Sanabweze kanthu. Windo limene analisiya pamwamba linali la nkhokwe yeniyeni.

Masana Mayi Nachisale anakhala pampando. Anang'ung'udza pang'ono kuti mnyamatayu wasanjikiza mawindo, koma ataona kuti palibe chofiira, mtima unakhala pansi. Kwa iwo, windo lopanda chofiira linali loyeserera kuyambira kalekale. Tsiku limenelo ankafuna kufufuta maina ochepa amene analembedwa kawiri. Analemba mzere woyamba, wakuti fufuta maina a alimi. Mzere wachiwiri, wonena kuti maina ake ndi ati, anali asanaulembe. Chala chinapita kumene chimapita masiku onse, kukalawa mchere.

Nkhokwe inamvera. Inafufuta onse.

Maina okopera n'kusunga padera analipo, koma anali akale, a kulembetsa kusanayambe. Alimi onse amene anayenda mitunda kudzalembetsa chaka chimenecho anasowa ngati sanabadwe.

Mphenzi atabwerako anawapeza mayiwo ataimirira.

"Achimwene, tabwerani mudzaone. Ine ndadina loyang'ana. Loyang'ana lokha, Mulungu ndi mboni."

Iye anangoponya diso kamodzi pa sikirini, n'kudziwa zonse. Mayiwo anatuluka mothamanga kukaitana abwana, ndipo iye anatsala yekha ndi kompyuta ija.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Kufufuta maina kunali ngozi, ndipo ngozi imagwera aliyense. Zimene anachita tsopano sizinali ngozi. Anakhala pampando, zala zinayamba kuvina. Anabweza mzere wofiira. Anayala mawindo moyandikana. Anabweza mabatani awiri aja aliyense pamalo pake. Mapazi asanamveke m'khonde, iye anali ataima kale pakona, manja m'thumba. Moyo wake wonse anali asanagwirepo ntchito yofulumira ndi yosalala ngati imeneyo, ndipo panalibe woionerera.

Abwana analowa, Mayi Nachisale akufotokoza m'mbuyo mwawo: windo linali limodzi, chofiira panalibe, batani loyang'ana lachita lamulo.

"Tationetsani," anatero abwana.

Mayiwo anatembenukira ku sikirini. Mawindo awiri anali moyandikana, mzere wofiira uli pamalo pake, wowala bwinobwino. Anayandikira n'kuyang'anitsitsa. Kenako analemba kalamulo kosaopsa, n'kudina batani lija. Kompyuta inayankha kuti, "Palibe cholakwika," osachita china chilichonse. Anadinanso. Yankho linali lomwelo.

"Mayi, kulakwa aliyense amalakwa," anatero abwana. "Koma kunamizira makina, pa msinkhu wanuwu?" Anatembenukira kwa Mphenzi. "Iwe ndi amene unali pamenepa m'mawa. Unaonapo chachilendo?"

"Ayi bwana. Ine ndinaisiya bwinobwino."

Alimi anaitanidwa kuti adzalembetsenso. Ena anamva mochedwa, ena anatopa n'kusabwera, ena analandira mbewu mvula itapita kale patali. Panafunika munthu woti asenze mlanduwo, ndipo anasenza ndi Mayi Nachisale. Akanangovomera kulakwa, mwina akanawakhululukira. Koma iwo ananena zimene anaona, ndipo zimene anaonazo panalibe wina anaziona. Anawachotsa ngati munthu wabodza.

Mphenzi ankayembekezera kuti mayiwo amuloza chala. Anali atakonza kale zoyankha. Koma tsiku lotsanzika anamupeza m'chipinda chija, chikwama chili m'manja, nkhope itagwa.

"Ndaganiza zambiri, achimwene," anatero. "Mwina ndakalamba. Mwina maso angawa ayamba kundinamiza, ndi dzanja lomwe. Ndawauza abwana kuti ntchitoyi muitha nokha, muli ndi mutu. Koma mzere wofiira uja musadzauchotse. Ine ndinalephera kuuona, inu udzakuthandizani."

Iye anati, "Zikomo mayi. Muyende bwino."

Zimawawa kunena, koma mayiwo anapita akukhulupirira zimenezo. Sanafunenso ntchito ya kompyuta kwina kulikonse. Munthu amene anasamala maina a anthu zaka zonsezo anasiya kukhulupirira maso ake omwe, mpaka keyala ya pa envulopu ankapatsa wina kuti awawerengere.

Mphenzi anatsala yekha, m'mawa ndi masana. Panalibenso womuletsa kusintha chilichonse, koma sanayerekezenso. Ankadziwa kuti tsiku limene wina adzaone mabatani aja atasinthana, adzakumbukira mawu a Mayi Nachisale. Choncho anawasiya mmene mayiwo ankawafunira.

Koma zala sizimva mantha a mutu. Zake zinali zitazolowera njira yake yachidule ija. Akalemba lamulo n'kufuna kulichita, chala chinkathamangira batani lapafupi, ndipo kompyuta, m'malo mochita, inkangomuyankha kuti, "Palibe cholakwika." Ankachotsa dzanja ngati wagwira mbaula. Pakapita kanthawi ankaiwala, chala n'kupitanso. "Palibe cholakwika." Kambirimbiri pa tsiku, mwezi ndi mwezi, makina amene anamuthandiza kunama ankamubwerezera mawu amene anachotsetsa mphunzitsi wake ntchito.

Liwiro lake linatha. Anthu anasiya kuima kumbuyo kwake. Dzina loti Mphenzi linayamba kumveka ngati chipongwe. Pomaliza, pofuna kuthawa batani lija, anatenga mawusi, ndodo ya nkhalamba ija, ndipo ndi imene akuyendera mpaka lero.

Tsono inu ophunzira anga amene mwakhala kutsogolo kwa makompyutawa, lero ndikuphunzitsani mabatani achidule, ndipo muwakonda. Aphunzireni, ndi abwino. Koma pa kompyuta imene mukugwiritsa ntchito ndi mnzanu, batani si lanu nokha, pakuti chala cha mnzanuyo chili ndi njira imene chinazolowera, ndipo chimayenda osayang'ana. Mukasintha, nenani. Musanadine, onani windo limene muli. Ndipo likadzafika tsiku loti zalakwika chifukwa cha inu, mnzanu watuluka kukaitana abwana, inu mwatsala nokha ndi kiyibodi, chotsanipo manja anu. Maina ofufutika anthu amalembetsanso. Munthu amene mwamuchititsa kukayikira maso ake omwe, palibe batani lomubwezera.