Malikisi a Mwana wa Ahedi

Panali mphunzitsi wa masamu, Mayi Nankhoma, amene ankalowetsa malikisi a mayeso mu kompyuta ya sukulu. Tsiku lina ahedi, a Chimtengo, anawaimirira kumbuyo.

"Madamu, mwana wanga Lonjezo wapeza 31. Lembani 70, apo ayi ndikusamutsirani kusukulu ya kuseri kwa phiri."

"70 yokha, bwana? Mwana wa ahedi?" anatero mayiwo. Analemba 98 n'kutseka. Ahedi anachoka akuimba mluzu.

Koma Mayi Nankhoma ankadziwa kuti kompyutayo imasankha yokha wopambana masamu n'kutumiza dzina lake ku boma, kuti akaimire sukulu pa mpikisano. Lachisanu kalata inafika: Lonjezo akayankhe mafunso pamaso pa akuluakulu a maphunziro, ahedi atakhala kutsogolo.

A Chimtengo anabwera thukuta lili kamukamu.

"Madamu, mwanayu powonkhetsa amawerenga ndi zala zakumapazi zomwe. Bwezani 31 ija."

"Ndinatseka, bwana. Otsegula ndinu nokha, ndipo kompyuta imalemba dzina la wosintha ndi chifukwa chake."

Anaimirira n'kuwakokera mpando mwaulemu.

"Khalani, bwana. Pa chifukwapo tilembepo chiyani?"