Njinga Yodulidwa Msana

Njinga imene inkadyetsa khomo la a Fakiri, kumunsi kwa mtsinje wa Bua, idali yakuda, yolemera ngati ng'ombe. Kumbuyo kwake adaotchererako kaliyala yachitsulo chokhuthala, yoti thumba la mpunga, kapena mayi ndi mwana wake, akhalepo osatekeseka. Miyendo itayamba kutupa, mtima utayamba kuwavuta, a Fakiri adaisiyira mwana wawo Sufiyani, amene adabwerako ku koleji chaka chachiwiri chisanathe, chimanjamanja. Adayamba kabaza monga anzake a m'mudzimo.

Ntchitoyo linkagwira ndi thupi lokha. Mtima wa Sufiyani udali pafoni, pomwe ankaonera akatswiri akuuluka pa njinga zopyapyala ngati miyendo ya udzudzu. Pamenepo pokha ndi pomwe nkhope yake inkamasuka. Atamva kuti mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi uchitikira ku Kigali, koyamba pa nthaka ya Afirika, adayamba kuwerenga masiku. Okwera ankatsika makutu atatopa ndi mayina a anthu osawadziwa. Adapangana ndi anzake a kabaza kuti Lamulungu la mpikisanowo adzathamangitsana kuchokera pa mlatho wa Bua mpaka pa boma, kenaka n'kukaonera limodzi pa kanema.

Lachinayi adapita nayo njinga kwa Kalilu wootcherera zitsulo, nati adule kaliyala, atembenuzenso mahandulo aloze pansi. Kalilu adakana kaye, adafunsa ngati okwera azikhala pamutu pake. Sufiyani adati Lolemba adzaibwezeretsa, kungoti safuna kuthamanga atamangirira chitsulo kumchira. Sowo idalira.

A Fakiri adaiyang'ana njingayo nthawi yaitali ali pakhonde, akupuma mokoka.

"Njinga imeneyi idakubereka iwe kupita ku sukulu. Lero waidula msana."

"Ndi masiku anayi okha, ababa. Dziko silitha."

Mlongo wake Tatu adamukumbutsa kuti mankhwala a bambowo atha, ndipo Lachisanu ndilo tsiku lawo lokaonedwa ku chipatala. Sufiyani adati apita Lachiwiri, poti sabata yonseyi akhala akudzuka bwinobwino. A Fakiri adangokweza dzanja kuti nkhani ithe. Sankafuna kuzimitsa kamoto kokhako kamene kadatsala mwa mwana wawo.

Loweruka masana, akusamba m'manja kuti aswali, a Fakiri adagwa chammbali pafupi ndi ndowa. Maso adali otseguka, koma mawu sankatuluka. Sufiyani adathamangira njinga, ndipo adangozindikira ataigwira kale kuti ilibe kaliyala. Adayesa kuwakhazika pa chitsulo chapakati, Tatu atawagwira kumbuyo, koma thupi lidali lendelende, linkangotsetsereka. Adayesa kumangirira thabwa ndi chingwe cha mphira, lidalibe potsamira. Anzake a kabaza onse adali ku msika pa boma. Wa njinga yamoto wa m'mudzimo adatambasula manja, mafuta adali atamuthera masiku awiri apitawo. Galimoto silifika kumeneko, njira yake ndi mchenga wokhawokha.

Potsiriza amuna anayi adamanga machira a nsungwi ndi chitenje. Ulendo umene a Fakiri ankaupalasa kanthawi kochepa atanyamula mpunga, adauyenda dzuwa lili paliwombo, akupumula pansi pa mitengo ya mango, akusinthana mapewa. Sufiyani adakana kusinthidwa. Msewu wa phula utayamba kuoneka, Tatu, amene ankayenda pambali atagwira dzanja la bambo ake, adaima.

"Achimwene, tsitsani. Palibenso chothamangira."

Kaya akadachira akadafika msanga, adziwa ndi Mwini moyo. Madokotala sadawaone, ndipo palibe amene angayankhe funsolo. Sufiyani amalifunsabe.

Adawaika Lamulungu dzuwa litapendeka, monga mwa chikhalidwe cha Chisilamu, osachedwetsa. Anyamata amene adapangana kuthamangitsana tsikulo ndiwo adanyamula jeneza, akuyenda pang'onopang'ono, mapazi akumira mumchenga. Nthawi yomweyo ku Kigali anthu ankakuwa m'mbali mwa misewu. Sufiyani sadafunse kuti wapambana ndani, ndipo palibe adalimba mtima kumuuza. Tatu sadamuloze chala. Adamupatsa madzi akumwa pobwera kumanda, ndipo chifundo chakecho chidamupweteka kuposa chitonzo.

Mpikisano udalengezedwa miyezi yambirimbiri, tsiku lake aliyense ankalidziwa, ndipo Sufiyani adaukonzekera ndi mtima wonse. Loweruka lija silidalengezedwe ndi munthu. Lidangofika masana, pafupi ndi ndowa yamadzi, n'kupeza pakhomo palibe ponyamulira wodwala. Akuluakulu sadaname: chakudza sichiimba ng'oma.