Mtsinje Umene Sunali pa Mndandanda

"Kodi amene anayeza njirazi anabwera mwezi uti?" Funsoli linafunsidwa pa sikelo ya ana.

Panali munthu wina, bambo a Sungeni, amene anaphunzira kupanga mapulogalamu a pa foni. Mwana wake woyamba atabadwa, mtima wake sunakhazikike. Ankaganizira makolo amene mwana amawadwalira kuchilendo, osadziwa kolowera. Choncho anafuna kupanga pulogalamu yosonyeza chipatala chapafupi ndi nthawi yokafikirako wapansi.

Anafufuza pa intaneti kwa masabata awiri, mpaka anapeza mndandanda waulere. Munali midzi yonse ya m'boma lawo, zipatala zonse, ndi mphindi zoyenda kuchokera m'mudzi uliwonse. Nambala yosowa panalibe. Pambali pake panali kafayilo kofotokoza mmene manambalawo anawasonkhanitsira. Kameneko sanakatsegule, poti anali pa changu.

Pulogalamu itatha, anakaionetsa kwa amayi pa sikelo. Onse anaomba m'manja. Mkazi wake yekha ndi amene anafunsa funso lija.

Bamboyo anaseka. "Inunso mayi a Sungeni, mwezi ukukhudzana bwanji ndi njira? Njira ndi njira. Analemba izi ndi anthu ophunzira."

Mkaziyo anangokonza nsalu yoberekera mwana.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, mayi a Sungeni anapita ndi mwana kumaliro a azakhali a mwamuna wawo, kumudzi umene sankaudziwa. Tsiku lachiwiri, anthu onse atapita kumanda, Sungeni anatentha thupi n'kuyamba kukomoka. Mayiyo anatsegula foni. Inamuonetsa zipatala ziwiri: china cha mphindi makumi anayi, china cha maola awiri. Anamubereka mwana n'kuthamangira chapafupicho.

Atayenda theka la ola, njira inathera m'madzi. Mtsinje unali utadzaza mpaka m'minda, ukukokolola mapesi ndi mitengo. Denga la chipatala linkaoneka kutsidya, koma mlatho panalibe. Mayiyo anabwerera, n'kuyamba ulendo wa kuchipatala chakutali chija, mwana ali lende kumbuyo.

Bambo a Sungeni atamva, anawapeza kuchipatalako madzulo. Mwana anali pabedi, akumuthira madzi m'thupi. Namwino anawayang'ana nati, "Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikunena zina."

Mkazi wake sanamukalipire. Anangoika foni ija m'dzanja lake, ili ndi matope.

Ali pakhonde la chipatalacho, bamboyo anatsegula kafayilo kaja. Mawu ake anali ochepa. Oyeza njirawo anayenda mu Seputembala ndi Okutobala, chifukwa ndi pamene njinga zamoto zimafika mudzi uliwonse. Nthawi imeneyo mtsinje uja umakhala mchenga wokhawokha, ndipo ana amaseweramo mpira. Manambalawo sananame. Ankanena zoona za chilimwe, koma malungo amachuluka m'dzinja.

Tsiku lomwelo anaitseka pulogalamu ija. Sungeni atachira, bamboyo anathira mchenga m'thumba, wolemera ngati mwana wake, n'kulibereka kumbuyo. Anayamba kuyenda njirazo imodziimodzi, mvula ikugwa. Pamudzi uliwonse ankafunsa amayi kuti, "Madzi akadzaza, mumadzera kuti?" Anthu ena ankamuseka kuti wazungulira mutu. Dzinja lonse anangotha midzi khumi ndi iwiri. Atatsegulanso pulogalamu ija, pa midzi yotsalayo analemba poyera kuti: njira iyi sitinaiyeze nthawi ya mvula, funsani eni mudzi.

Inu amene mumatenga manambala pa intaneti n'kumapangira zinthu zothandiza anthu, mvetserani. Mndandanda ukhoza kuoneka wokwanira, koma anaulemba anthu amene anafika tsiku lina lake, n'kuona zimene tsikulo linawaonetsa. Amene adzakhulupirire ntchito yanu adzakhala kholo lothamanga, lopanda nthawi yokayikira.

Pempho la bambo a Sungeni ndi ili. Musanagwiritse ntchito nambala iliyonse, tsegulani kafayilo kapambali kaja. Onani amene anasonkhanitsa, mwezi umene anayenda, ndi njira imene anadzera. Mukapanda kupeza yankho, lembani pamene kholo lingaone kuti simukudziwa.